Mutu Wachisanu pa Dziwe la Namiyala

Kankhirani chikuni icho pamoto, ndikuuzeni zimene anaona Esinala wa kwa Likhula. Ambiri mumati mizimu imayenda usiku wokhawokha. Izi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira mogonthetsa m'kutu.

Esinala anali mtsikana wa Folomu 3, wamtali, wosaopa njoka, ng'ombe yolusa, ngakhale mphunzitsi wa masamu. Chimene ankaopa ndi madzi. Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kukokolola midzi ya m'munsi, iye anakhala masiku awiri mumtengo wa mango atakupatira nthambi, akuona mbuzi, zitseko ndi zina zimene sankafuna kuzitchula zikudutsa pansi pa mapazi ake. Kuyambira pamenepo, madzi akangomufika m'maondo miyendo inkachita dzanzi. Kusamba ankasambira m'beseni kuseri kwa nyumba, kumtsinje ankangopitira kutunga.

Vuto linali lakuti sukulu yawo inali kutsidya kwa mtsinje wa Namiyala, ndipo mlatho unapita ndi madzi omwe aja. M'chilimwe ana ankawoloka podumpha miyala. M'dzinja anyamata ankavula, kumangirira yunifolomu ndi makope pamutu n'kusambira, pamene atsikana ankaima pagombe, kuyang'anana, n'kubwerera kunyumba. Chaka chathacho Esinala anajomba pafupifupi miyezi iwiri, mpaka anabwereza kalasi.

Amene anatopa nazo zimenezi anali mayi Namakhwa, ogulitsa matemba pamsika. Mayiwa anabadwira pachilumba cha Chisi, ku nyanja ya Chilwa, kumene mwana amayamba kusambira asanayambe kutumidwa. Anali afupi, amawu aakulu, ndipo duku lawo lofiira silinkachoka kumutu.

"Atsikana athunthu kumathawa madzi ofika m'chiuno?" anatero tsiku lina atakumana nawo akuweruka. "Loweruka lino mundipeze padziwe la pamkuyu. Aliyense abwere ndi chigubu chopanda kanthu, chotseka bwino."

Anabwera asanu: Esinala, mnzake wapamtima Feliya, ndi atsikana ena atatu. Anayiwo analowa akukuwa ndi kuzizira. Esinala anafika pamene madzi ankanyambita zala zakumapazi, n'kuima nji.

"Lowa, mwanawe," anatero mayi Namakhwa.

"Amayi, ine lero ndingoonerera."

Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, koma sanamukakamize.

"Chabwino. Khala pamwala apo. Ntchito yako ndi kuwerenga mitu. Ine maso ndili nawo awiri okha. Mutu ukasowa, ukuwe."

Ntchitoyo inamukomera. Anakhala pamwala wotentha, chigubu chake chili pambali, akuwerenga: mmodzi, awiri, atatu, anayi, ndi duku lofiira pakati pawo. Anzakewo ankakumbatira zigubu pachifuwa n'kumamenya madzi ndi miyendo, kumwa madzi, kutsokomola, kuseka. Feliya ndiye anali wophiriphitha kuposa onse, phokoso lambiri koma osasuntha. Pomaliza anamangirira zigubu zonse zisanu kumizu ya mkuyu kuti asamavutike kunyamula mlungu uliwonse.

Loweruka lachiwiri anapeza zigubu zinayi. Cha Esinala panalibe. Chingwe sichinaduke, chinali chomasulidwa bwinobwino n'kuchipachika pamuzu.

"Ndi anyamata oweta mbuzi amenewo," anatero Feliya. "Zilibe kanthu, iwe sumalowa m'madzi."

Esinala anakhala pamwala wake uja. Dzuwa litafika paliwombo, anazindikira kuti pali chimene chasintha, koma zinamutengera kanthawi kudziwa kuti n'chiyani. Nyenje zinali zitasiya kulira. Zonse pamodzi, ngati wina watseka wailesi. Phokoso la anzake linkamveka ngati likuchokera kuseri kwa khoma. Anawerenga mitu. Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu.

Anatikita m'maso n'kuwerenganso pang'onopang'ono, akuloza ndi chala. Uyu Feliya. Uyu Lusiya. Uyu Edina. Uyu Malita. Aliyense amene wamuyang'anitsitsa anali mnzake womudziwa. Koma akaponya maso padziwe lonse nthawi imodzi, mitu inali isanu, osawerengera wa duku lofiira uja. Wachisanuwo unkakhala kumapeto kwa diso, cha kumbuyo kwa enawo, waung'onopo, wometa, ndipo nthawi zonse unkaonetsa nkhongo.

Anatsegula pakamwa kuti akuwe, n'kukumbukira kuti anauzidwa kukuwa mutu ukasowa. Nanga ukawonjezeka? Anatseka pakamwa.

Onse atatuluka n'kumavala kuseri kwa mkuyu, Esinala anamva kutsokomola padziwe. Kunali kutsokomola kwa munthu amene watsamwa ndi madzi, kawiri, kenako zii. Atasuzumira anaona chigubu chake chikuyandama pakati pa dziwe. Chinali chitamira theka ngati pali amene wachitsamira, ndipo chinkayenda modukizadukiza, kulowera kumtunda kumene madzi amachokera.

Kunena zoona, tsemwe linamugwira. Koma usiku umenewo atagona pamphasa, chimene chinamusowetsa tulo sichinali mantha enieni. Linali funso. Kodi ameneyu akufuna chiyani pakati pa atsikana omwa madzi?

Loweruka lachitatu anayang'anitsitsa mwanzeru. Anaphunzira kusaloza diso pamutuwo, koma kuyang'ana duku la mayi Namakhwa n'kumaonera m'mbali. Ndipo anaona chinthu chimene chinamuseketsa yekha. Mayi Namakhwa akati, "Miyendo iwongoke!" anayiwo ankawongola, ndipo patapita kamphindi, kumbuyo kuja madzi ankasiya kuwinduka n'kuyamba kuthovoka mwadongosolo. Akati, "Pumirani kumbali!" kamutu kaja kankatembenukira kumbali, mochedwa, ndipo nthawi zonse mbali ya kutsidya.

"Feliya," anatero akubwerera kunyumba, "m'dziwe muja muli wina amene akuphunzira nanu."

Feliya anaseka mpaka kugwira pamimba. Ataona kuti mnzakeyo sakuseka, anaima panjira.

"Iwe Esi, usandiopseze. Ndani?"

"Sindikudziwa. Nkhope sindinaione."

"Ndiye ukunena uli phee choncho?"

"Akuvutika ndi dzanja lamanzere. Amalitulutsa mochedwa."

"Mayo ine! Munthu ukuona chamzukwa, iwe n'kumachiyang'ana dzanja?"

Mawa lake Esinala anapita kumsika, n'kudikira mpaka ogula atachepa pabenchi la matemba. Anafotokoza zonse. Mayi Namakhwa anapitiriza kupanga timilu ta matemba osamuyang'ana.

"Ndinamumva kale," anatero. "Paja ndimaika dzanja pansi pa mimba ya wophunzira kuti ayandame. Tsiku lija ndinagwira Malita ndi dzanja ili, ndipo linzakeli, limene linali lopanda kanthu, linalemera."

"Ndiye munatani, amayi?"

"Ndinamunyamula. Ndikanatani?"

"Simukuopa?"

"Wakoka mwendo wa munthu?"

"Ayi."

"Wagubuduza mwala? Watukwana?"

"Ayi."

"Ndiye musiye aphunzire. Dziwe si langa." Anapukuta manja pachitenje, ndipo apa m'pamene anamuyang'ana m'maso. "Koma mvera ichi, mwanawe. Womira sadziwa m'bale. Akakugwira amakukwera ngati mtengo, osati chifukwa cha nkhanza, koma mantha. Zikadzatero usadzalimbane naye. Ukalimbana naye mumapita nonse."

Chimene chinamulowetsa Esinala m'madzi si kulimba mtima ayi. Chinali chidwi. Ali pamwala paja ankangoona nkhongo, ndiye anaganiza kuti mwina atatsika pang'ono angaone tsaya, kapena khutu. Loweruka lachinayi analowa mpaka m'maondo. Miyendo inachita dzanzi monga mwa masiku onse, koma maso anali otanganidwa, ndipo dzanzilo linatopa lokha n'kuchoka. Anasendera mpaka m'chiuno. Kamutu kaja kanali komwe kaja, kumapeto kwa diso, katamufulatira.

"Poti wafika kale apa, gona chagada," anatero mayi Namakhwa ali pambali pake, ngati akunena za nyengo. "Dzanja langa lili pamsana pako. Yang'ana nthambi za mkuyu. Madzi safuna kukumeza, amafuna kukunyamula, koma iwe umawakaniza."

Anagona. Madzi analowa m'makutu, dziko lonse n'kukhala chete. Anayembekeza kuona mbuzi ndi zitseko zija, koma anaona masamba okha ndi kambalame kakudya nkhuyu. Sanadziwe nthawi imene dzanja lija linachoka pamsana.

Tsiku lomwelo ndi limene anaona mayi wa kutsidya. Kutsidya kwa dziwelo kale kunali nyumba zisanu ndi ziwiri, koma napolo anasiyako mchenga, miyala ikuluikulu ndi bango. Palibe ankapitako. Koma pakati pa bangolo panaima mayi wina, nkhope yake itabisika ndi ngayaye za bango, atatambasula chitenje ndi manja awiri monga amachitira mayi podikira mwana amene akumaliza kusamba.

Ameneyu onse anamuona. Feliya, amene pakamwa pake sipankagona, anakuwa: "Mwaswera bwanji, amayi?"

Mayiyo anangoima pomwepo. Sanasunthe. Mphepo inkagwedeza bango koma chitenjecho chinali chilili. Mayi Namakhwa atauza atsikana kuti atuluke, Esinala anacheuka n'kuona mayiyo akupinda chitenje chake pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa kuti abwerenso mawa.

Nkhani yotere sigona m'nyumba imodzi. Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utamva, ndipo inali itamera nyanga ndi mchira. Ena ankati mayi Namakhwa akuweta ndondocha m'dziwe. Makolo a Lusiya, Edina ndi Malita analetsa ana awo. Mayi ake a Esinala anamukhazika pakhonde.

"Ndinakutsitsa mumtengo ndi manja angawa, khungu la m'mikono litasupuka. Lero ukufuna ukadzipereke wekha?"

"Amayi, mitambo yayamba kale kusonkhana kuphiri. Ndikapanda kudziwa chaka chino, ndibwerezanso Folomu 3. Kenako mudzati ndikwatiwe."

Mayi akewo anaweramira m'lichero, akutola timiyala mumpunga.

"Loweruka limodzi lokha," anatero. "Likatha limenelo ndisadzamvenso za dziwe."

Esinala anachita kuba masiku ena awiri ophunzira pakati pa mlungu, akuweruka kusukulu, mayi Namakhwa atasiyira mnzawo benchi. Pofika Loweruka lomalizalo Esinala ankatha kusambira mikono khumi popanda chigubu, malinga ngati akudziwa kuti akaponda apeza pansi.

Tsikulo anabwera awiri okha, iye ndi Feliya. Kunali chifundira, ndipo kuphiri kunali bii, mabingu akung'ung'udza chapatali. Mayi wa chitenje uja anali ataima kale pamalo pake.

Mayi Namakhwa anatenga Feliya kupita naye kumtunda kwa dziwe kuti akalimbane ndi miyendo yake yosamvayo. Esinala anatsala posaya, atagona chagada, akuyandama. Ankaganiza zakuti lero ndi lomaliza, ndipo nkhope ija sadzaiona n'komwe. Ankaganizanso kuti, nanga maphunziro akatha, wachisanuyo atsala ndi yani? Sanazindikire kuti madzi akumutenga pang'onopang'ono. Atafuna kuponda, phazi linapita pansi osapeza kanthu.

Mtima unagunda kamodzi kokha, mwamphamvu. Asanakuwe, china chake chinamugwira pakhosi kuchokera kumbuyo.

Tinali timanja tating'ono, tozizira ngati mwala wa pansi pa mtsinje. Tinamukanyanga khosi, timaondo n'kumukwera pamsana, ndipo onse anapita pansi. Madzi anali obiriwira, kenako akuda. Thupi lake lonse linkafuna kumenya, kukanda, kusadzula timanjato. Koma pakati pa mantha akewo anamva chinthu china. Kamtima kankagunda pamsana pake, mofulumira ngati ka mbalame yogwidwa m'manja. Kameneka kankaopa kuposa iye.

Anasiya kulimbana. Analekerera manja ndi miyendo monga anaphunzirira, ndipo madzi, amene iye anali atawada zaka zitatu, anawakweza onse awiri. Nkhope itatuluka anakoka mpweya.

"Khosi ayi," anatero akutsamwa. "Gwira phewa. Phewa!"

Timanja tija tinayamba kulekerera. Kenako kamodzi kanamasuka n'kutsikira paphewa, kenanso n'kutsatira.

"Eya. Tsopano wongola miyendo. Menya."

Kumbuyo kwake madzi anayamba kuthovoka.

Ankamva mayi Namakhwa akuitana dzina lake, ndi Feliya akulira, koma mawuwo anali kutali. Gombe lakwawo linali kumbuyo. Kutsogolo kunali bango ndi chitenje chotambasula chija. Sanachite kusankha, kulemera kwa pamapewa pakeko kunkaloza komweko ngati mbuzi imene yaona khola. Anatembenuka chafufumimba n'kuyamba kukoka madzi. Dzanja, dzanja, mpweya. Dzanja, dzanja, mpweya. Pakati pa dziwe mikono inayamba kulemera, ndipo anadziwa kuti yekha sakafika. Koma sanali yekha. Timiyendo tija tinkamenya mosalekeza, ndipo tinkamukankha. Chakumapeto anamva dzanja limodzi likuchoka paphewa pake n'kuyamba kupalasa lokha pambali, kenako linzake, lamanzere lija, mochedwa pang'ono. Mikono itatu yomaliza anasambira moyandikana, aliyense payekha.

Maondo anagunda mchenga. Esinala anakwawa n'kugwada m'mphepete, mutu uli pansi, akusanza madzi. Pamene anagwadapo ankaona mapazi a mayi uja, ouma, ong'aluka zidendene ngati a munthu aliyense wolima. Anaona m'mphepete mwa chitenje mukutsika, mukukulunga kanthu, ndipo nsaluyo inayamba kuda ndi chinyezi kuyambira pakati.

Milungu yonseyi ankafuna kuona nkhope. Tsopano inali pomwepo, kungodzutsa mutu basi. Koma anamva mayiyo akupuma mpweya wautali, wonjenjemera, mpweya wa munthu amene watula katundu wa ulendo wautali, ndipo anaona kuti si zake zoti ayang'ane. Anatsitsa maso monga umachitira ukapeza anthu akulira m'nyumba mwawo.

"Wachedwatu," anatero mayiyo kwa amene anali m'chitenjeyo, motsitsa, mopanda kukalipa.

Bango linachita phokoso pang'ono. Atadzutsa mutu panalibe munthu. Pamwala wotentha panali timapazi tonyowa, tolowera kumene kunali nyumba zija, ndipo tinkauma iye akuyang'ana.

Dontho loyamba la mvula linamugwera pamsana.

Apa m'pamene anazindikira pamene ali. Anali kutsidya. Miyala yowolokera inali kutali kumunsi, kuseri kwa minga, ndipo mvula ikagwa kuphiri Namiyala sachedwa kudzaza. Pakati pa iye ndi kwawo panali dziwe lonse lathunthu, lakuya, lopanda chigubu, lopanda womukankha.

Mayi Namakhwa anali atafika kale pakati pa madzi, duku litapita, imvi zili pamtunda. Anaima pomwepo akupalasa, akumuyang'ana.

"Ndibwere ndidzakutenge, mwanawe?"

Esinala anayang'ana madziwo. Miyendo inkanjenjemera, koma kunali kutopa, dzanzi lija panalibe.

"Ayi, amayi. Ingokhalani pomwepo ndikupezeni."

Analowa. Anamwa madzi kawiri, anamira mutu kamodzi, koma anawapeza mayi Namakhwa, n'kuwapitirira, mpaka zala zake zinagwira muzu wa mkuyu. Feliya anamukoka n'kumukumbatira, akumumenya zibakera zapamsana uku akulira.

Dzinja limenelo Namiyala anadzaza kasanu. Esinala sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe. Ankamangirira yunifolomu pamutu n'kuwoloka pamodzi ndi anyamata, ndipo pofika Febuluwale atsikana atatu aja anali atabwerera kwa mayi Namakhwa, makolo awo akuyang'ana kumbali. Mayi ake a Esinala sanafunse kanthu, koma m'mawa uliwonse ankamuikira kansalu kouma m'jumbo la makope. Padziwe paja sipanamvekenso kutsokomola, ndipo kubango sikunaimenso munthu. Akuluakulu anayesa kukumbukira kuti m'nyumba zisanu ndi ziwiri zija munali ana angati, koma sanagwirizane, poti ena anali alendo obwera kudzakolola.

Koma tibwerere kutsiku lija. Akubwerera kunyumba mvula ikuwakuntha, mayi Namakhwa ali patsogolo, Feliya anapirira mpaka pamphambano, kenako zinamukanika.

"Esi, unamuona nkhope?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Nanga anali ndani?"

Esinala anayenda mapazi angapo akusisita phewa, pamene timabala tinayi tating'ono tinali titayamba kuoneka.

"Sindikudziwa," anatero. "Koma miyendo amamenya bwino kuposa iwe."